Milamba ya a Pensulo

Nyumba ya pamgodi ndi ya ntchito, si ya munthu. Ntchito ikatha, nayo nyumba yatha. A Pensulo ankazidziwa bwino zimenezi, koma kudziwa n'kwina, kuona kapitawo wa komboni ataima pakhomo pako akuyendera mazenera n'kwinanso. Anali atagwira ntchito pansi pa nthaka ku Bindura, m'dziko la eni, kuyambira ndevu zisanamere, ndipo mu 1990 chifuwa ndi mawondo zinagwirizana kuti zakwana. Anauzidwa kuti mvula isanagwe akhale atatuluka, mulowe ena.

Kolowera kunalibe. Kwawo ku Phalombe anachokako kalekale, ndipo onse amene akanawalandira anali atatsikira kulichete. Akazi awo, a Alinesi, anabadwira pa famu ya malalanje ku Mazowe, ku Malawi ankangokumva m'nkhani. Mwana wawo Estele ankachita lendi chipinda chimodzi ku Chiwaridzo, m'tauni ya Bindura momwemo, pamodzi ndi mwamuna wake Chrispen ndi ana atatu. A Pensulo ankanena mosapsatira kuti bola kugona pansi pa mtengo kusiyana ndi kukagona kuseri kwa nsalu m'chipinda cha mkamwini.

Zaka zimenezo boma linali pa kalikiliki ndi chitukuko cha kumidzi. Ukatsegula wailesi unkangomva za mijigo, madamu, magulu a alimi, ngakhalenso za anthu ofufuza mafuta pansi pa nthaka kuchigwa cha Zambezi. Ku Masembura, kumidzi ya kufupi ndi Bindura, kunagwera chitukuko cha nsomba. Gulu lina la kumeneko, ambiri mwa iwo amayi, linakumba dziwe lalikulu kumunsi kwa kasupe, ndipo boma linalonjeza kuwapatsa tiana ta nsomba ulere. Chinatsala ndi munthu woti azikhala padziwepo usana ndi usiku, kudyetsa nsomba ndi kupirikitsa mbalame.

Wapampando wa gululo, Mai Olipa, ankagulitsa masamba mu komboni ndipo ankadziwana ndi a Alinesi. Atamva za vuto lawo anafika okha pakhomo.

"Sekuru, inu a ku Malawi nsomba mumabadwa nazo," anatero m'Chishona chawo chofatsa, akuwatchula monga amatchulira agogo kumeneko. "Bwerani mutisungire dziwe. Poyamba muzikhala m'kanyumba kamene tamanga pambali pake. Tikakolola bwino ulendo woyamba, gulu lidzakuperekezani kwa sabhuku, ndipo wavomera kale kuti adzakudulirani malo, mumange yanu, muzilimanso."

Sabhuku ndiye mwini mudzi kumeneko, ndipo kwa munthu amene chitupa chake chinkati ndi mlendo, malo a kumudzi sankapezeka wamba. A Alinesi misozi inalengeza m'maso. A Pensulo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wapemphedwa zimene ankaziyembekezera kale. Mawu akuti nsomba mumabadwa nazo anawalowa mpaka m'mafupa, ndipo kunena zoona ndi amene anawapweteka.

Tiana ta nsomba tinabwera m'migolo pa lole ya boma, totalika ngati chala. Tinali ta magwaya, nsomba za mamba zimene kwathu timati makumba. Anabwera nato ndi mlangizi, amene kumeneko amati mudhumeni, mnyamata waulemu dzina lake Fainos. Atatithira m'dziwe anakhazika gulu lonse pansi pa mtengo kuti aliphunzitse kasamalidwe kake. A Pensulo anakhalako pang'ono chakumbuyo, kenaka ananyamuka n'kukayamba kutchetcha udzu m'mbali mwa dziwe. Mwana amene nsomba anaionera m'buku awauze chiyani iwo, munthu wokulira m'madambo a ku Chilwa? Pochoka Fainos anawatsata komweko n'kuwauza kuti azidzadutsa mwezi ndi mwezi, ndipo chilichonse chimene angafune kuchita padziwepo azimufunsa kaye. Iwo anati amva.

Tisawanamizire, ntchito ankaigwira. Gaga ankathira pa nthawi yake, manyowa a nkhuku ankaika pakona monga amayi a gulu anawauzira, ndipo akakowa ndi ang'azi anadziwa msanga kuti padziwepo pabwera mwini. Akamwaza gaga m'mawa, madzi onse ankachita ngati akuwira ndi tinsomba. A Alinesi nawo anatsegula kadimba, ndipo masiku opanda mvula ankaumba njerwa n'kumaziunjika pansi pa udzu, kukonzekera nyumba imene malo ake anali asanapatsidwe.

Mvula itakhazikika, kamtsinje ka kumunsi kanasefukira, ndipo milamba inayamba kukwera m'maudzu monga imachitira madzi akadzaza. A Pensulo ataiona mtima unawawawa ndi kukumbuka kwawo. Analuka mono, n'kuutchera, ndipo m'mawa wina anabwera ndi ndowa muli milamba yamoyo, iliyonse yotalika ngati mkono wa mwana. A Alinesi anayamba kale kufunafuna nkhuni zowambira, koma anaona amuna awo akupitirira nayo ndowa ija kulowera kudziwe.

"Bambo a Estele, mukupita nayo kuti?"

"Ndikaiike m'dziwe, ikakulire momwemo. Dziwe lopanda mlamba ndi dziwe ngati? Magwaya awa amakula mwaulesi. Tsiku lokolola anthu adzaone nsomba yoti akagwira achite kuitana mnzawo."

"Mudhumeni uja mwamufunsa?"

"Ndimufunse chiyani? Ku Chilwa makumba ndi milamba zimakhala m'madzi amodzi chilengedwere dziko. Kodi zinafunsa ndani?"

"Ine za ku Chilwa sindizidziwa," anatero a Alinesi. "Chimene ndikudziwa n'chakuti dziweli ndi la eni ake, ndipo malo athu ali m'madzi momwemo. Dikirani mnyamatayo abwere. Kufunsa sikuthyola mwendo."

"Mayi a Estele, inu munabadwira m'malalanje. Za nsomba tisiyireni ife."

Anaikhuthulira m'dziwe, milamba ija n'kumira osaonekanso. Sikuti a Pensulo anali ndi mtima woipa, ayi. Ankafuna kudabwitsa anthu amene anawakomera mtima, kuti adzati zoonadi tinapeza katswiri. Koma zimene ankadziwa za nsomba zinali za mnyamata wovuula m'dambo zaka makumi anayi zapitazo, ndipo chiyambire anali asanawetepo nsomba ngakhale imodzi.

Poyamba panalibe chosintha. Kenaka kuwira kuja kwa m'mawa kunayamba kuchepa. Gaga ankayandama nthawi yaitali osadyedwa, ndipo madzi amene kale anali obiriwira anasanduka amatope. A Alinesi akafunsa, yankho linali lokonzeka: nsomba zakula, ndipo nsomba yaikulu sisewera pamwamba ngati mwana. Fainos atadutsa pa njinga yake yamoto anaima m'mbali mwa dziwe nthawi yaitali, akuyang'ana madziwo.

"Sekuru, madziwa avunduka bwanji? Simunaonemo chachilendo?"

"Ndi mvula, mwanangu. Yakokolola dothi."

A Alinesi anali pomwepo akuthirira masamba. Anayang'ana amuna awo, amuna awo n'kuyang'ana kumbali. Kuulula pamaso pa mlendo kukanakhala kuwavula bambo wa pakhomo, choncho anangoweramira ndowa yawo. Tsiku limenelo zinthu zikanatheka kukonzeka, chifukwa tinsomba tambiri tinali tikadalipo ndipo milamba ikanavuulidwa ndi khoka. Koma a Pensulo anaona kuti kufunsa tsopano ndiye kuvomera kuti poyamba paja anayenera kufunsa, ndipo anakhala chete mpaka njinga ija inapita.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, kuzizira kusanafike, gulu linapangana tsiku lokolola nsomba. Anthu anabwera ndi mabeseni, ena ndi matumba, ana akuthamanga patsogolo. Fainos anabweretsa khoka la boma. Amuna analowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuyamba kukoka kuchokera tsidya lina, amayi akuimba kumtunda. Khoka linkalemera, ndipo okokawo ankasekerera. A Pensulo anaima patsogolo pa onse, manja kumbuyo.

Khoka litafika pamtunda nyimbo inazima yokha. Munali milamba yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yakuda, ikuphiriphitha m'matope ndi ndevu zake. Magwaya amene anatsala sanadzaze ngakhale beseni limodzi. Anakokanso kachiwiri, n'kutulukamo matope ndi achule.

Fainos sanakalipe. Anagwada, n'kutembenuza mlamba umodzi, kenaka anafunsa mwakachetechete kuti nsomba zimenezi zinalowa bwanji, poti dziwelo silikumana ndi mtsinje.

"Ndinaikamo ndine," anatero a Pensulo. Mawu awo anali akadali olimba. "Kwathu zimakhalira limodzi."

"Kunyanja zimakhaladi limodzi, Sekuru, chifukwa kuli bango ndi malo othawira. Muno ndi m'khola. Mlamba ukakula umadya chilichonse chokwana m'kamwa mwake, ndipo tiana tija tinalibe kobisala. Zimenezi ndinanena tsiku loyamba pansi pa mtengo uja." Anapukuta manja pa buluku lake. "Mukanandifunsa, sindikanakukanizani. Tikanakumba kadziwe kena pambali, milamba yanu n'kumakulira m'menemo payokha. Magulu ena akuchita zomwezo."

Mawu omalizawa ndi amene anawafoola a Pensulo. Anayang'ana malo amene kadziweko kakanakhala, pafupi ndi dimba la akazi awo, ndipo anaona kuti inali ntchito yoti iwo okha akanaimaliza ndi khasu. Komabe anayesa kudzilimbitsa. Anati milambayo ndi ndiwo, ndipo ikawambidwa bwino banja lililonse lipezako chidutswa.

Mai Olipa anapukusa mutu. "Sekuru, theka la gulu lino ndi a mpingo wa Apositoli. Nsomba yopanda mamba sitidya, ngakhale kuiika mu mphika wathu sitingayerekeze. Mwakhala nafe miyezi yonseyi, mukanangofunsa ngakhale mwana akanakuuzani." Kenaka anapitiriza. "Ndiponso boma limapereka tiana ta nsomba kamodzi. Chaka chino ndi cha magulu ena amene akudikira. Amayi awa anakumba dziwe ili ndi manja, ana ali kumsana."

Gulu linakakhala pansi pa mtengo, ndipo silinachedwe. Panalibe wotukwana, mwina zikanakhala bwino akanatukwana. Mai Olipa anabwera okha kudzanena kuti kwa sabhuku sangawaperekeze, chifukwa pangano linali la zokolola ndipo zokolola palibe. Kanyumba kaja akhalemo mpaka mwezi uthe. Milamba atenge yonse, ndi yawo.

A Alinesi sananene kuti ndinakuuzani. Anasonkha moto, n'kuiwamba milamba ija bwinobwino, chifukwa chakudya sichitayidwa ngakhale chabwera ndi tsoka. Njerwa zawo anazisiyira mayi wina wamasiye wa m'gululo. Tsiku lochoka anazungulira dimba lawo kamodzi, n'kuthyola masamba odzaza mpango, ndipo pamenepo ndi pamene analira. A Pensulo anawamva ali m'nyumba akumanga katundu, ndipo manyazi anawagwira moti sanathe kutuluka kukawatonthoza.

Anakwera basi ya ku Bindura, mtolo wa milamba uli pamiyendo, fungo lake litadzaza basi yonse. Ku Chiwaridzo Estele anawalandira ndi misozi, adzukulu akulimbirana kunyamula katundu. Chrispen, mwana wa eni ake wamakhalidwe, anagwada n'kuwomba m'manja, nati pakhomo ndi pawo, akhale momasuka. Kenaka anatenga hamala ndi misomali iwiri, n'kukhoma umodzi kukhoma ili, wina kukhoma linalo, kuti amange waya wopachikapo nsalu yodula chipinda pakati.

"Baba, tandigwirirani uko," anatero mwaulemu.

A Pensulo anaimirira, mawondo akulira, n'kugwira nsonga ya waya uja mpaka mkamwini wawo anamaliza kumanga. Estele anapachika nsalu, ndipo a Alinesi anayala mphasa kuseri kwake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula.