Swichi Yomata Tepi

Nkhani iyi ndinaimva kwa wokonza mawotchi wina amene ndinabisala naye mvula pakhonde la sitolo. Miyendo yanga siidziwa kukhala pansi, ndipo ndatola nkhani zambiri za anthu osawadziwa, koma iyi yakana kundichoka m'mutu.

Akuti pa koleji ina panali mmisiri wokonza zipangizo za m'chipinda cha sayansi. Anali atagwira ntchitoyo zaka makumi atatu, ndipo pakamwa pake sipankachoka mawu akuti, "Makina osayang'aniridwa amanama." Pa koleji yomweyo pankaphunzira mwana wa mlongo wake, mtsikana amene iye anamulera mayi ake atamwalira. Kuti amalize maphunziro, mtsikanayo ankayenera kuonetsa akuluakulu oyesa mayeso zotsatira za kafukufuku wake, koma makina ochitira kafukufukuyo anali obwereka kwa masiku khumi okha.

Makinawo ankaponya tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi, kamodzikamodzi, kudzera pa timing'alu tiwiri toyandikana, n'kukagwera pa galasi. Kalikonse kankasiya kadontho kowala. Madonthowo akachuluka ankayenera kupanga mizere yonga ya mbidzi.

"Malume, swichi ndamata tepiyi musaikhudze," anatero mtsikanayo tsiku loyamba. "Imayatsa kanyali kosuzumira mng'alu umene kanthu kadzera. Kakangoyaka, mizere yatha."

"Kuyang'ana kokha? Maso adayamba liti kuthyola zinthu?"

Mtsikanayo anatola choko. "Njira iliyonse ili ndi nambala yake. Ngati palibe chodziwitsa kumene kadzera, timayamba taphatikiza manambala awiriwo, yankho n'kulichulukitsa ndi lokha. Umenewo ndiwo mwayi woti kagwere pamalopo. Pena ndi 3 ndi 3, tipeza 6, kenako 36: mzere wowala. Pena ndi 3 ndi 3 wochotsera, afafanizana: mzere wakuda. Koma mukasuzumira, nambala iliyonse imadzichulukitsa payokha, 9 ndi 9, basi 18 paliponse. Kuwala kwa mbuu, kopanda mzere."

"Za pabolodi zimenezo. Ine ndinayamba kumasula makina iwe uli kumsana."

"Ndiye chifukwa chake zala zanuzo ndikuziopa," anaseka mtsikanayo.

Pofika tsiku lachitatu, pagalasi panali madontho omwazikana ngati manyi a ntchentche pazenera. Mtima wa mmisiri unakana kukhazikika. Bwanji ngati fumbi latseka mng'alu umodzi, mwana wa mlongo wake n'kutaya masiku khumi pachabe? M'mawa umenewo, mtsikanayo ali m'kalasi, bamboyo anamatula tepi n'kukanikiza swichi. Kanyali kaja kanayaka, ndipo chowerengera cholumikizidwa nako chinayamba kuphethira: kumanzere, kumanja, kumanja, kumanzere. Timing'alu tonse tinali totseguka. Anapuma mpweya wautali, nati mumtima, "Kasiyeni kayake, kuti pakatsekeka ndidziwe msanga." Anaphimba chowerengera, tepi n'kuibwezera bwinobwino.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri madontho anali mbwee, koma mzere panalibe ngakhale umodzi. Mtsikanayo anabwereza masamu ake mpaka choko kumuyeretsa zigongono. Anayamba kudzikayikira yekha, chakudya osachikhudza. Malume wake ankamuthandiza kufufuza mawaya, chingwe ndi chingwe, za swichi ija osatchula. Sikuti anali wouma mtima. Ankakhulupirira ndithu kuti kanyali kongoyang'ana sikangalakwe, ndipo ankati vuto lenileni alipeza mawa.

Tsiku lakhumi oyesa mayeso atatu analowa. Mmodzi wa iwo, mayi wa imvi, anayang'ana galasi lija nthawi yaitali.

"Ndani wakhala akusuzumira?" anafunsa motsitsa mawu. Anamatula tepi, swichi ili yoyatsa.

Mtsikanayo anayang'ana zala za malume wake, zala zimene zinkamusokera yunifolomu ali mwana, kenako anayang'ana pansi.

"Ndine, mayi. Ndinaiwala kuzimitsa," anatero mtsikanayo.

Masana omwewo makina anaikidwa m'bokosi. Mpata wina wowabwereka unali patatha zaka ziwiri, ndipo malo a mtsikanayo pa koleji sakanadikira zaka zimenezo. Pakhonde, mmisiri anamugwira mkono.

"Mwana wa mlongo wanga, ndimafuna kukuthandiza."

"Ndikudziwa, malume. Mukanandida, bwenzi sizikupweteka chonchi."

Mtsikanayo anapita kukaphunzitsa kusukulu ina yakutali. Mmisiri sanathe mwezi, anatula makiyi a chipindacho. Anali atafuna kuona maso a nkhono poigwira ndi chala, nkhono n'kubwerera m'chigoba. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ine sukulu ndinailekera panjira, ndipo ndinene mosabisa: zoti kanthu kamodzi kangasinthe mayendedwe chifukwa chosuzumiridwa, mpaka lero ndimazikayika. Ndimakayikanso china. Wokonza mawotchiyo anati nkhaniyi ndi ya mnzake. Koma atafika pa mawu oti "Ndine, mayi," kachitsulo kokonzera mawotchi kanamugwa m'manja, ndipo mvula inakata iye asanakatole.