Laputopu ya m'kabati

Ku Balaka kunali mayi wina, namwino wopuma pa ntchito, amene anatsegula kachipatala kake. Anthu ankamukonda chifukwa sanali wapakamwa. Zimene waona m'chipinda choyezera magazi zinkathera momwemo. Zotsatira za odwala onse ankazisunga m'makompyuta.

Atamva kuti mbava za masiku ano zimalowa kudzera pa intaneti, osathyola chitseko, anachita mantha. Iye ankadziwa jekeseni, za makompyuta ayi. Choncho anagwirizana ndi kampani ina ya ku Blantyre, ya alonda amene amayang'anira makompyuta a eni mabizinesi ali kutali.

Katswiri wa kampaniyo anabwera. Anayendera kompyuta ya polandirira odwala, ya ku labu, ya kosungira mankhwala, zonse n'kuziika m'manja mwa alonda. Pomaliza anafunsa, "Mayi, palinso china chimene mumalumikiza pa netiweki yanuyi?"

"Ayi bambo, n'zomwezi."

Koma m'kabati mwake munali laputopu yakale. Nthawi ya nkhomaliro ankadzitsekera mu ofesi n'kumakoperapo mafilimu achikondi pa masamba okayikitsa a pa intaneti. Ankadziwa kuti alonda akaiona, masambawo awatseka. Komanso manyazi, abale! Mayi wamkulu, woyambitsa nyimbo kutchalitchi, n'kumalirira chibwenzi cha m'filimu?

Alonda anagwira ntchito yawo bwino. Mbava zinkayesa uku, n'kupeza potseka, kuyesa uko, potseka. Tsiku lina katswiri uja anaimba foni. "Mayi, masana aliwonse tikumaona chipangizo chachilendo pa netiweki yanu. N'chanu?"

"Musavutike nacho, n'cha alendo," anatero.

Paja tsoka silinunkha. Filimu ina inabwera ndi kachilombo ka m'makompyuta, kachilomboko kanatsegulira mbava njira. Mmene alonda ankatseka, zotsatira za odwala zinali zitayamba kale kuyenda m'mafoni a anthu kumsika.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wogulitsa kaunjika, wodwala wake wakalekale. Sanakalipe. Anangoika foni patebulo, dzina lake likuoneka pamenepo, n'kunena, "Amayi, ine ndinauza inu nokha." Nkhaniyi ikafika apa, ine imandiwawa.

Abale anga, alonda aja sanagone. Analonda chilichonse chimene anapatsidwa. Ifenso timatero ndi Mulungu. Timamupatsa Lamulungu lathu, ana athu, matenda athu, koma kanthu kamodzi timakasiya m'kabati. Mwina ndi kachakukhosi, mwina kachizolowezi kotsekemera, ndipo timati n'kakang'ono, sikakhudza munthu. Mdani safuna zitseko zambiri. Chimodzi chimamukwanira, ndipo akalowa, olira ndi anthu amene anatikhulupirira.

Sikuti Mulungu sakukaona kanthuko. Akukaona, koma salanda, amafunsa. Lero akukufunsani inu, "Palinso china?" Musafulumire kuyankha kuti n'zomwezi.