Letesi ndi Duwa la Nangondo

Panali munthu wina wolima letesi ku Bvumbwe, masiku aja madimba akadali ndi madzi chaka chonse. Dzanja lake linali labwino. Ankafesa pa nazale, kuwokera mbande pa mabedi, kuthira phulusa ndi manyowa a nkhuku, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa letesi wakhwima, wadulidwa, wakwera basi kupita ku mahotela a m'tauni. Munthuyo ankakonda mbewu yoyankha msanga.

Mkazi wake, Nangondo, anamutenga chitengwa kuchokera kuphiri la Zomba, kumene nkhungu imagona m'mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera. Pobwera, mkaziyo ananyamula kamtengo m'chitini. Linali duwa lotchedwa azeliya, limene bambo ake anamupatsa potsanzikana. Analibzala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mkungudza. Ankalithirira madzi a mvula amene ankasunga mumtsuko, n'kumaunjika masamba owola patsinde pake. Khasu silinkafika pamenepo.

Mwamunayo ankaseka. Ankati chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa, chimene mbuzi ikadya imadwala, n'chongotayitsa madzi. Koma chaka chilichonse chisanu chikamatha, duwa lija linkamasula ndi kufiira lonse mpaka masamba osaoneka. Nyengo imeneyo mkaziyo ankapeta chimanga akuimba nyimbo za kwawo, ndipo ankapempha mwamuna wake kuti apite limodzi akaone phiri. Mwamunayo ankavomera ndi mtima wonse. Ankati apita letesi akatha. Koma letesi satha: wina akamadulidwa, wina ali pa nazale. Anamugulira zitenje, anamumangira nyumba ya malata, ndipo anthu ankati Nangondo anakwatiwa bwino. Kwawo mkaziyo ankangopita yekha, kukagwa maliro.

Zaka zinapita, ana anakula n'kumwazikana. Nangondo anadwala, namwalira mvula ili mkati.

Anthu atabalalika pamaliro, mwamuna uja anazungulira kuseri kwa nyumba napeza duwa lija lili chiimire. Anachita manyazi kuti chinthu chimene mkazi wake ankachikonda chakhala mumdima zaka zonsezi. Anatenga khasu, nalikumba, nakalibzala pakati pa dimba, pa bedi lachonde kuposa onse, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Analithira phulusa. Analithira manyowa a nkhuku osankha. Anapalira mozungulira tsinde kuti udzu usalilande chakudya. Zonse zimene ankadziwa kuti n'zabwino analipatsa.

Masamba anayamba kuchita chikasu. Iye anati ndi njala, nawonjezera manyowa. Nsonga zinayamba kupsa. Iye anati ndi ludzu, nawonjezera madzi a pachitsime. Letesi wa m'mbali anakula kuposa chaka chilichonse, koma duwa linkangoyoyoka. Chisanu chinatha, nyengo yomasula inafika n'kudutsa, ndipo panthambi panalibe kanthu.

Kutayamba kutentha, kunabwera mkulu wake wa Nangondo kudzazonda mlamu wake. Anamupeza kudimba atakhala pa chidebe, akuyang'ana nthambi zija. Mayiyo anagwada, natapa dothi, naona phulusa m'manja mwake.

"Alamu, mwalipatsa chakudya cha letesi. Ili silidya zimenezi."

Kenako anafotokoza mofatsa. Anati letesi amafuna dzuwa, phulusa ndi changu, chifukwa moyo wake ndi waufupi ndipo ntchito yake ithera m'mbale. Koma azeliya ndi mwana wa m'nkhalango. Amafuna mthunzi ndi dothi lowawasa la pansi pa paini, pamene masamba akhala akuwolerana. Phulusa limamupha pang'onopang'ono. Mizu yake ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo imayenda pamwamba, choncho khasu lililonse lopalira linkaidula.

Mwamunayo anayang'ana phulusa lija. Kenako anafunsa kuti, "Nanga iye sanandiuze bwanji zimenezi?"

"Munamufunsapo?" anatero mlamu wakeyo.

Tsiku limenelo letesi anali atakhwima m'mabedi onse, ndipo ogula anali atauzidwa kale. Inu amene mumalima mukudziwa kuti letesi wa nyengo yotentha sadikira munthu. Ukamusiya pang'ono amatalika, amatulutsa maluwa, masamba n'kuwawa ngati mankhwala. Munthu uja ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Komabe anazika nthambi za mtengo mozungulira duwa kuti lipeze kamthunzi, anapinda matumba awiri opanda kanthu, ndipo m'mawa mwake anakwera basi pamodzi ndi mlamu wake.

Chikwatirireni anali asanakwerenso phiri lija. Ankaganiza zongotapa dothi n'kubwerera. Koma mlamu wake anamuonetsa kanjira kamene Nangondo ankadutsa popita kusukulu, ndi mwala wa pamtsinje umene ankachapapo. Akuluakulu a m'mudzi anamuuza kuti mtsikanayo ankatsogolera nyimbo pa zinamwali, ndipo mawu ake ankamveka kutsidya kwa chigwa. Anamuuzanso kuti ankathamanga kuposa anyamata, ndi kuti tsiku lopita ku Bvumbwe analira njira yonse mpaka pamsewu. Munthu amene anakhala naye nyumba imodzi mpaka imvi ankamva zonsezi koyamba. Anagona kumeneko masiku angapo. M'mawa uliwonse ankaima panja, nkhungu ikumunyowetsa malaya, osafuna kulowa m'nyumba.

Pomaliza anagwada pansi pa paini, nafukula ndi manja dothi lakuda lonunkhira chinyezi, nadzaza matumba ake.

Atafika kwawo anapeza letesi yense atatalika mpaka m'chiuno. Ogula anali atapita kwa ena. Mnzake wa dimba loyandikana anabwera kudzamudzudzula. Anamufunsa ngati chisoni chamuzunguza mutu, kuti ataye dimba lathunthu chifukwa cha chitsamba chouma.

Iye anayankha kuti, "Letesi ndifesa wina mawa. Ili ndilibe lina."

Anakumba duwa lija mosamala, nakutumula dothi laphulusa kumizu. Analibweza pamthunzi wa mkungudza, m'dzenje lodzaza ndi dothi la kuphiri, nafunditsa tsinde ndi masamba a paini. Ntchito yovuta inayamba pamenepo, chifukwa tsopano anayenera kulisiya. Manja ozolowera kupalira ndi kuthira ankamuyabwa. Ankafika ndi khasu, n'kuima, n'kubwerera nalo. Ankangopisa chala m'dothi kuti amve ngati lauma, n'kuthira madzi pang'ono. Nthambi zambiri zinaumiratu. Koma mvula yoyamba itagwa, pansi penipeni pa tsinde panatuluka timasamba tobiriwira, tochepa ngati makutu a mbewa.

Tsono inu amene mwakhala pano, nonse muli ndi anthu amene mukuwasamala: mkazi, mwamuna, mwana, kholo lokalamba. Sindikukayika kuti mumawapatsa zabwino. Munthu uja sanali wouma mtima. Anapereka zonse zimene anali nazo, koma anapereka zimene iye ankadziwa, osati zimene mnzakeyo ankasowa. Wina m'nyumba mwanu amakondwa ndi chitenje. Wina akungofuna kuti mumuperekeze kwawo, mukamve dzina limene ankamutcha ali mwana. Duwa linapeza mwayi wachiwiri chifukwa mizu inali ikadali ndi moyo. Nangondo sanaupeze. Mukafika kunyumba lero, musanatenge khasu, funsani.