Maliro a Rukaya Asowa Owasambitsa

Dzuwa litangopendeka, Che Likongwe, telala wa pamsika wa Ntaja, anafika kwa Shehe Twaibu fumbi lili mbuu kumapazi. Anawapeza pakhonde akusenda nandolo. Anapereka salamu, koma mphasa anaikana.

Mwana wake Rukaya anali atamwalira m'mawa womwewo. Mwanayo anabadwa ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, ndipo makolo anamulera ngati mtsikana osauza munthu. Atakwana zaka khumi ndi zisanu mawu anakula, ndevu zinamera. Pamjigo amayi anasiya kumuyankha moni. Kumadrasa anzake ankasuntha iye akakhala pansi. Anadzitsekera m'nyumba zaka zinayi, ndipo chifuwa chitamugwira anakana kupita kuchipatala poopa kuvulidwa pamaso pa anthu.

"Shehe, sanda yomukulungira ndasoka ndekha, manda akumba," anatero Che Likongwe. "Amayi osambitsa maliro analowa, atavundukula nsalu anatuluka osalankhula. Amuna akuti ameneyo si wawo. Mwana wanga wagona yekha chigonere. Ndiuzeni, inu munawerenga: Allah analakwitsa pomuumba?"

Atangotero anachita mantha ndi pakamwa pake. Anadikira kudzudzulidwa.

Shehe anaika lichero pansi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Ndi Rukaya uja ankakhala kumapeto kumadrasa, pafupi ndi zenera?"

"Yemweyo."

"Ankawerenga Kurani bwino kuposa onse. Atasiya kubwera ndinamva zonse zimene zinkanenedwa. Sindinafike pakhomo panu kudzafunsa."

"Ngakhale mukanafika, Shehe, akanakhala mbali iti? Mumzikiti mbali ndi ziwiri basi, ya amuna ndi ya akazi."

"Mabuku a akuluakulu athu amamudziwa munthu wotere, Che Likongwe. Anamulembera poima popemphera swala, gawo lake pa chuma chamasiye, ngakhale kaikidwe kake. Ndinawerenga zimenezi ndili mnyamata. Anthu anga sindinawaphunzitse, chifukwa ndinkachita nazo manyazi."

Che Likongwe anakhala pansi tsopano, padothi pomwepo. Ankaganiza kuti mawu otere amupepuza mtima, koma anangomulemera. Zaka zinayi mwana ali mumdima, chonsecho malo ake analipo. Analira ngati mmene sanalirire kuyambira m'mawa.

"Ndiye zithandiza chiyani lero?" anafunsa. "Wapita akudziyesa chinthu chonyansa."

Shehe anaimirira, navala chisoti, natenga ndowa yawo yomwe.

"Zimenezo sindingazibweze, ndipo ndidzakaziyankha pamaso pa Allah. Inu ndinu bambo wake, lamulo likukulolani kumusambitsa, nsalu ili pathupi. Ine ndikhala kuseri kwa chitseko, ndizikutungirani madzi ndi kukuuzani zochita. Tikatha ndimuswalira, ngakhale titakhala awiri. Allah sanalakwitse pomuumba, m'bale wanga. Iye wamulandira kale osamuvundukula. Otsala kufunsidwa ndife."