Manda a Mbatata

A Chipwaila, mwini esiteti ya fodya, adauza Nangozo kuti achoke m'munda mwake. "Mawa kubwera woyeza malo. Pano ndimangapo chigafa."

M'mamawa Nangozo adaunda milu isanu, nasanjikapo makapu obooka ndi mbale zakale. Woyeza malo atafika adavula chipewa, nalemba pa mapu kuti pamenepo ndi manda, osamangapo, nadindapo chidindo. A Chipwaila nawo adavula nsapato, nabwerera chafutambuyo.

Patatha miyezi inayi, a Chipwaila adapeza Nangozo akukumba mulu umodzi ndi khasu.

"Mayi inu! Mukufukula maliro masanasana?"

Nangozo adatukula mbatata yaikulu ngati mkono. "Ine ndidangobzala mbatata, bwana. Za mandazo mudalembetsa nokha, chidindo n'kudindapo. Ndikuwotchereni zingati?"