Ndolo Imodzi ya Mwandida

"Makutu timaboola nthawi yozizira kuti chilonda chisatukusire. Ndipo kuphanga la nungu usadzapondeko wekha," Nachisale anauza mwana wake Mwandida.

Nachisale anali katswiri woboola makutu. Atsikana ankachokera kuseri kwa phiri kudzamufuna. Zida zake zinali munga wa nungu ndi kaulusi basi, koma dzanja lake silinkanjenjemera, ndipo palibe khutu limene linatupapo. Mudzi wonse unkamunyadira mayi ameneyu.

Koma Mwandida anali waphuma. Anzake ankamugwedezera ndolo m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, iye mtima n'kumamuwawa.

"Amayi, ndibooleni lero."

"Ndati nthawi yozizira. Minga yatha, ndikatola ndi atsibweni ako. M'phanga muja nungu sakhalamo yekha, wamva?"

"Ndamva."

Kumva kwake kuti! Masana ena amayi ake ali kudimba, Mwandida anazemba n'kukwera phiri. Pakhomo pa phanga anapeza minga ili mbwee. Anatola umodzi, analuma mano, n'kudzibaya khutu lamanzere cham'mphepete penipeni. Magazi anatsika m'khosi mpaka kudontha pamwala.

M'phangamo china chake chinayamba kununkhiza. Kunatuluka fungo lonyansa. Mumdima muja munaoneka maso awiri. Fisi!

Mwandida analiyatsa liwiro, munga uli lende kukhutu. Munga uja unakodwa m'chitsamba, khutu n'kung'ambika, mwana n'kugwa chafufumimba. Fisi anabwera pang'onopang'ono, dovu lili chuchuchu, mpaka mpweya wake unamufunda pakhosi.

"Mayo! Amayi ine!"

"Choka! Mwana ndi wanga ameneyu!"

Anali Nachisale. Atamusowa pakhomo analondola mapazi ake, khasu lili m'manja. Sanadikire amuna, sanabwerere m'mbuyo. Anamenya fisi pamphuno kamodzi kokha, chilombo n'kuthawa chikulira. Akazi otere sapezekapezeka!

Anabereka mwana wake mpaka kunyumba. Anamutsuka bala ndi madzi amchere.

Kuzizira kutafika, Nachisale anamuboola khutu lamanja, ndipo linapola bwinobwino ngati a anzake onse. Mwandida anatembenuza mutu.

"Nanga lamanzereli, amayi?"

"Palibe poboola, mwana wanga."

Mwandida anakula, anakwatiwa, anakalamba akuvala ndolo imodzi.

Ana inu, amayi anu akati dikira, muzidikira. Akati uko usapiteko, musapiteko. Mwandida anapulumuka chifukwa Nachisale anafika msanga, koma khutu lija ngakhale Nachisale analephera kulibweza.