Chibalo Chokumba Chitsa

Panali mphunzitsi wina, a Kachiwanda, amene ankaphunzitsa za chilengedwe pasukulu ya m'tsinde mwa phiri. Phirilo linali lometedwa mpala. Kale munali misuku ndi miombo, ana ankatola masuku mpaka kuiwala kwawo, koma makala ndi nkhuni zowotchera njerwa zinamaliza zonse. Munangotsala zitsa. Ngakhale belu la sukulu, lija la chitsulo cha gudumu la galimoto, linkalendewera pamtanda, poti panalibe mtengo wolipachikapo.

A Kachiwanda ankalakalaka chinthu chimodzi: kuti asanapume pantchito aone phirilo litavalanso. Dzinja lililonse ankatsogolera ana kukabzala mbande za bulugamu. Maenje m'mizere yowongoka, alendo n'kuwomba m'manja. Pofika Okutobala chiswe chadya, mbuzi zadya, dzuwa lamaliza zotsala. Mvula ikagwa, ayambirenso.

Iwo ankati vuto ndi zitsa, zikulanda mbande malo. Choncho mwana aliyense wochedwa chibalo chake chinali chimodzi: tenga khasu ndi nkhwangwa, kakumbe chitsa. Ana ankawatchula kumbali kuti a Zulani.

Chaka china kunabwera uthenga woti aphunzitsi a m'deralo akasonkhane, akaphunzire njira zatsopano zophunzitsira za chilengedwe. A Kachiwanda anakana. Anauza mphunzitsi wamkulu kuti iwo anayamba kugwira choko ophunzitsawo asanamere mano, ndiye akakhale padesiki ndi imvi zawozi kuti amve chiyani? Ahedi anawanyengerera kuti angopita, dzina la sukulu likaoneke. Anapita, koma mtima unatsala kunyumba.

Wodzaphunzitsa anali mayi wachichepere. Atangowaona a Kachiwanda anabwera, n'kupinda bondo.

"Sala, mwandiiwala? Ndine Esinati, wa kutsidya kwa mtsinje, uja ndinkachedwa tsiku ndi tsiku. Zitsa zanu zija ndinakumba zambiri."

Aphunzitsi anzawo anaseka. Wina anati lero zatembenuka, a Kachiwanda asamale, akachedwa pochokera kopuma apatsidwa khasu. Iwo sanaseke. Anakakhala kumbuyo kwenikweni, manja atapinda.

Esinati sanalembe kanthu pabolodi. Anawatulutsa onse panja, n'kuwaimika pa chitsa cha mombo chomwe chinali kuseri kwa kalasi, chitazunguliridwa ndi timphukira. Anafunsa kuti ichi n'chiyani. Onse anati chitsa. Iye anati ali mwana nayenso ankatero, koma pokumba paja chinkamudabwitsa chinthu chimodzi: mizu sinkatha, ndipo ukaitema inkatuluka madzi ngakhale m'chilimwe. Funso limenelo anapita nalo mpaka kukoleji. Kumeneko ndiko anamva kuti mtengo wotere wadulidwa kumtunda kokha, pansi ukadali moyo. Mbande imayamba kumene kufunafuna madzi, pomwe chitsa chinawapeza kalekale. Chaka ndi chaka chimatulutsa mphukira, ife n'kumazitchetcha, kuziwotcha, kapena kuchizula chonse. Chofunika n'kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kudulira zinazo, n'kuteteza ku moto ndi mbuzi.

Ena onse atabwerera m'kalasi, a Kachiwanda anatsalira. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anagwada. Anakanda khungwa la chitsacho ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira, monyowa. Anakhala chigwadire nthawi yaitali. Masana a tsikulo anasuntha, n'kukakhala padesiki yakutsogolo, ndipo amene anafunsa mafunso ambiri kuposa onse anali iwo.

Lolemba m'mawa, kusukulu kwawo, anapeza ochedwa atandanda kale ndi makasu. Ahedi anali atalamula kuti zitsa zonse zotsala zichoke tsiku lobzala mitengo lisanafike. A Kachiwanda anapita pamzerepo, n'kuyamba kulanda makasuwo limodzilimodzi, kuwaunjika pansi pa belu.

Ahedi anatuluka muofesi. Anafunsa ngati kumaphunziroko anakawaphunzitsa kulekerera ana, ndiponso kuti alendo akadzapeza tchire m'malo mwa mizere adzati pasukulu pano pali aphunzitsi kapena alesi.

"Ahedi," anatero a Kachiwanda, "mizere takhala tikuwaonetsa zaka zonsezi. Mthunzi wake uli kuti?"

Ahedi anayang'ana phiri, anayang'ana mtanda wa belu. Pomaliza anati a Kachiwanda atenge mbali ya kum'mawa ya phirilo ayesere, koma kukabwera njoka zidzakhala zawo.

A Kachiwanda anakwera ndi anawo kuphiri, m'manja muli kampeni kokha. Mwana aliyense anamuimika pa chitsa chake. Anawaonetsa kukanda khungwa, kusankha mphukira, kudulira. Mtsikana wina anafunsa mwamantha kuti nanga chibalo chiyamba liti. Iwo anamuuza kuti chayamba kale: chitsa chimene amati aphecho achilere mpaka chimupitirire msinkhu.

Sizinayende zonse bwino. Zitsa zina zinali zakufadi. Chaka china moto wa osaka mbewa unalowa n'kupsereza mbali ina, ana analira. Koma zopsazo zinaphukanso, ndipo anaphunzira kulambula njira yotchinga moto mvula ikangosiya. Posakhalitsa ana osachedwa anayamba kudandaula kuti iwo bwanji alibe zitsa, ndipo ena ankachedwa dala. Zinatheka ndi kugawira sukulu yonse zitsa. Phunziro la zachilengedwe linasamukira kuphiri, ndipo ahedi anapereka ndi mbali ya kumadzulo yomwe.

Tsiku limene a Kachiwanda ankatsanzika, phirilo silinali nkhalango ngati yakale ija, koma linali litavala. Panalibe mizere. Panali miombo, misuku ndi mitengo ina imene palibe anaibzala. Esinati anabwera nawo pamwambowo. Ana anamasula belu pamtanda paja, n'kukalipachika panthambi ya mombo umene kale unali chitsa choyembekezera khasu. Anapatsa a Kachiwanda chitsulo choimbira belu kuti aimbe komaliza. Iwo anachipereka kwa Esinati.

"Imbani ndinu, aphunzitsi," anatero.

Tsono inu amene mumagwira choko, mwamva. Mukaitanidwa kuti mukaphunzire, musayambe mwawerenga imvi zanu, kapena kufunsa kuti wophunzitsayo anabadwa liti. Mwina ndi mwana amene munamupatsa khasu, ndipo anaona pansi pamene inu simunayang'anepo. Musadzitenge ngati chitsa chakufa. Zaka zimene mwaphunzitsazo ndiyo mizu yanu, ndipo inafika kale pamadzi. Lolani kuti wina akudulireni pang'ono, mudzaphuka. Ndipo mawa popita kusukulu, chitsa choyamba chimene mukumane nacho musachidumphe. Gwadani, mukande khungwa.